Madzi a pagombe la Durban amene maso sangawayeze

Mu Disembala 2022 amalume anga anabwera kudzandichezera kuno ku Durban kuchokera kwathu ku Nkhotakota, ndipo anatenga zidzukulu zawo ziwiri zimene zinali zisanaonepo nyanja yamchere. Anayenda masiku atatu pabasi, kudutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo m'njira monsemo anawo ankangofunsa ngati ndi zoona kuti madzi a kuno samweka. Kutacha tsiku lachiwiri ndinawatengera kugombe lina lapafupi ndi kumene ndimakhala, koma titafika tinapeza chikwangwani choletsa kusambira, mbendera zosonyeza malo osambira atazizula, ndipo anyamata opulumutsa anthu m'madzi ankabweza aliyense wofuna kuviika ngakhale phazi. Amalume, amene akhala akupalasa bwato kuyambira ali mnyamata, anaima nthawi yaitali akuyang'ana mafunde, kenako anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, madzi amenewa alakwa chiyani? Inetu ndikuona kuti ndi oyera kuposa a padooko pathu."

Ndinalephera kuwayankha mogwira mtima tsiku limenelo, ndipo funso lawolo lakhala likundizungulira m'mutu kufikira lero. Msodzi amawerenga madzi ndi maso. Amadziwa kuti mwera ukubwera poona mmene nyanja yadera chakummwera, amadziwa pamene pali usipa poona mbalame, ndipo madzi akafiira amadziwa kuti mtsinje wa Bua kapena wa Kaombe wasefukira kumtunda. Nzeru zimenezi zasunga miyoyo ya anthu kwa mibadwo yambiri, koma pa gombe la mzinda waukulu sizikwanira, pakuti chimene chimatseketsa gombe n'chinthu chosaoneka, nthawi zambiri chosanunkha n'komwe, chimene chimadziwika pokhapokha munthu atatunga madzi m'kabotolo n'kupita nawo ku labotale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyanja imene tinkaiyang'ana m'mawa umenewo, yobiriwira bwino ndi thovu loyera, inali mkuyu wotero.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuchoka pamchenga n'kubwerera kumtunda. Pa 11 ndi pa 12 Epulo 2022 kunagwa mvula yoopsa m'chigawo cha KwaZulu-Natal, moti m'madera ena inapitirira mamilimita 300 pa maola 24 okha. Anthu oposa 400 anafa, milatho inaduka, nyumba zinakokoloka m'mapiri, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Zimene makamera anajambula zinali nyumba zogwa ndi makontena oyandama pafupi ndi doko, koma pansi pa nthaka panaonongeka chinthu china chimene sichijambulika mosavuta, ndicho mapaipi a suweji, makina opopa zonyansa, ndi malo oyeretserako madzi ochokera m'zimbudzi. Durban ndi mzinda wa zitunda ndi zigwa, ndipo mapaipi akuluakulu a suweji amawayala motsata zigwazo, m'mphepete mwa mitsinje, chifukwa zonyansa zimayenda zokha potsetsereka popanda kuzikankha. Madzi saiwala khwawa: atasefukira anadutsa momwemo, nathyola mapaipiwo, ndipo zimene zinkayenera kukafika koyeretsera zinayamba kuthira m'mitsinje usana ndi usiku.

Mtsinje umene dzina lake limamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi Umgeni, umene umathira m'nyanja pa Blue Lagoon, kumpoto pang'ono kwa magombe otchuka a Golden Mile. Malo oyeretsera suweji a Northern, amene madzi ake amatsikira mu Umgeni, anaonongeka kwambiri ndi kusefukirako, ndipo kwa miyezi yambiri sankagwira ntchito yake mokwanira. Mu Ogasiti chaka chomwecho nsomba zakufa zinapezeka zitayandama pamathiriro a mtsinjewo, ndipo magombe ambiri anatsekedwa. Kumpoto, ku Umhlanga, kumene kuli mahotela odula ndi nyumba zosanja za anthu olemera, vuto linali makina opopa a pamtsinje wa Ohlanga, ndipo magombe a kumeneko anakhala otseka kwa nthawi yaitali. Munthu akayang'ana mndandanda wa magombe otsekedwa kwa miyezi ingapo, amayamba kuona yekha kuti amene ali pafupi ndi mathiriro a mtsinje, monga Laguna, Thekwini ndi Country Club, ndiwo amatsekedwa kawirikawiri, pamene a kummwera kwa Golden Mile, monga Point ndi uShaka, nthawi zambiri amakhala bwinoko. Choncho gombe lililonse lili ndi mtsinje wake umene umalilamulira, ndipo wofuna kudziwa za madzi a pagombe ayenera kufunsa kaye za mtsinjewo.

Ndikanakhala wonama ndikanati zonsezi zinayamba ndi mvula ya 2022, ngakhale kuti imeneyo ndiyo nkhani yosavuta kuikamba chifukwa mvula ilibe ofesi yoti anthu akaidandaulire. Anthu opalasa timabwato pa mpikisano wa Dusi, umene unayamba mu 1951 ndipo umachokera ku Pietermaritzburg kutsika ndi mitsinje ya Msunduzi ndi Umgeni mpaka ku Blue Lagoon, akhala ndi dzina lawolawo la matenda a m'mimba amene amawagwira akamaliza mpikisanowo, amati Dusi guts, ndipo dzinali ndi lakale kuposa kusefukira kwa madzi kuja. Mu 2008 magombe ena a Durban analandidwa chizindikiro cha Blue Flag, chimene chimaperekedwa kwa magombe aukhondo, chifukwa cha kuipa kwa madzi, ndipo khonsolo ya eThekwini, imene imayendetsa mzinda wa Durban, inatuluka m'ndondomekoyo kwa zaka zingapo. Mu Julayi 2021, pa nthawi ya zipolowe, nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi ku Cornubia inatenthedwa, mankhwalawo anatsikira mu Ohlanga, ndipo magombe a kumpoto anatsekedwa kwa miyezi. Lipoti la boma la Green Drop la 2022 linapeza kuti malo oyeretsera suweji okwana 334 m'dziko lonse la South Africa anali pa vuto lalikulu kwambiri. Pamwamba pa izi panali kuzimazima kwa magetsi, kumene kunafika poipa mu 2022 ndi 2023. Makina opopa akaima kwa maola anayi, anthu m'nyumba zawo saleka kugwiritsa ntchito zimbudzi, ndipo chitsime cha pamakinapo chikadzaza zonyansazo zimasefukira mumfuleni wapafupi. Mvula ija inagwetsa nyumba imene chiswe chinali chitadya kale nsanamira zake.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri nditayamba kutsata nkhaniyi ndi mmene madziwo amayezedwera. Oyeza safufuza tizilombo tonse toyambitsa matenda, chifukwa ndi tambirimbiri ndipo kutero kungadye ndalama ndi nthawi yochuluka. Iwo amafufuza kachilombo kamodzi kotchedwa E. coli, kamene kamakhala m'matumbo mwa munthu aliyense ndi mwa nyama, ndipo mitundu yake yambiri siidwalitsa n'komwe. Ntchito yake pano ndi ya mboni: kakapezeka kochuluka m'nyanja, ndiye kuti chimbudzi cha anthu kapena cha nyama chafikamo posachedwa, ndipo pamodzi nacho pangakhale tizilombo tina toopsa, mavairasi otsegula m'mimba, a matenda a chiwindi otchedwa hepatitis A, ndi ena otero. Amatunga madzi okwana mamililita 100, amene sadzaza n'komwe kapu ya tiyi, n'kuwerenga timagulu ta tizilombo timene tamera kuchokera mmenemo. Malire amene amagwiritsidwa ntchito kuno ndi 500, ndipo chiwerengero chikapitirira pamenepo gombe liyenera kutsekedwa. A Blue Flag, amene m'dziko muno amayendetsedwa ndi bungwe loona za chilengedwe la WESSA, amakhwimitsa kuposa apo, pakuti malire awo ndi 250. Palinso kachilombo kena ka m'matumbo, enterococci, kamene kamapirira m'madzi amchere nthawi yaitali kuposa E. coli, ndipo n'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limakadalira kwambiri poyeza madzi a m'nyanja zamchere.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chikwangwani cha pagombe sichinena. Tizilomboti timafunika nthawi kuti timere, pafupifupi tsiku lathunthu ndipo nthawi zina kuposerapo, motero nambala imene munthu akuiwerenga lero ikunena za madzi a dzulo kapena a dzana, amene mafunde anawatenga kale n'kupita nawo kwina. Madzi amene mwana wanu akulowamo pakali pano sanayezedwe ndi aliyense. Ngati usiku wathawu kunagwa mvula yamphamvu, kapena makina opopa anaima kumtunda, gombe likhoza kukhala lotsegula mwalamulo pamene madzi ake ali oipa, ndiponso likhoza kukhala lotseka pamene mphepo yasintha ndipo madzi ayera kale. Izi sizichitika chifukwa cha chinyengo cha munthu ayi, ndi mmene kayezedweko kalili, ndipo zili choncho ku Durban, ku Cape Town, ngakhalenso ku magombe a ku Britain kumene anthu akhala akudandaula za suweji yothiridwa m'nyanja. Kusiyana kwake n'kwakuti kumene mapaipi ali bwino, madzi a dzulo ndi a lero amafanana masiku ambiri, koma kumene mapaipi akudontha malo ambirimbiri, nambala ya dzulo imangokhala ngati kalata yofika mochedwa.

Apa m'pamene panabuka mkangano umene, m'maganizo anga, unaononga mbiri ya Durban kuposa tizilombo tomweto. Mabungwe a nzika monga Adopt-a-River anayamba kutunga madzi paokha n'kukayezetsa ku labotale yoima payokha ya Talbot, akatswiri a pa Durban University of Technology nawonso ankayeza, ndipo panali masiku amene zotsatira zawo zinkasiyana ndi za khonsolo. Kusiyanako kunali ndi zifukwa zomveka, chifukwa madzi otungidwa Lachiwiri m'mawa sangafanane ndi otungidwa Lachinayi masana mvula itagwa, koma mayi amene wasunga ndalama chaka chonse ku Soweto kuti abweretse ana ake kunyanja alibe nthawi yosanthula zimenezo. Iye amangoona kuti anthu awiri ophunzira akunena zinthu ziwiri zosiyana za madzi amodzi, ndipo amaganiza kuti mmodzi mwa iwo akunama. Mu Disembala 2022 meya wa mzindawu pa nthawiyo, a Mxolisi Kaunda, amene dzina lawo amalume atalimva anaseka n'kunena kuti ameneyu ndi wakwathu, analowa m'nyanja pamaso pa atolankhani pofuna kutsimikizira anthu kuti madzi ali bwino. Ndikumvetsa chimene ankafuna kuchita, koma kusambira kwa munthu mmodzi wamkulu wathanzi kwa mphindi zochepa sikutsimikizira kanthu za khanda limene likhala m'madzi osaya maola atatu likumeza thovu. Chimene chinathandiza kwenikweni chinabwera pambuyo pake, pamene khonsolo ndi oyeza oima paokha anayamba kutungira madzi pamodzi, malo amodzi ndi nthawi imodzi, n'kuonetsa zotsatira zonse ziwiri poyera. Zipani za DA ndi ActionSA nazonso zinatengera nkhani ya suweji kukhoti, ndipo kuyambira pamenepo nambala za E. coli zinasanduka mbali ya ndale za mzindawu.

Matenda ambiri ochokera m'madzi otere si akupha munthu wathanzi. Ndi kutsegula m'mimba, kusanza, zilonda za pakhungu, kuwawa kwa makutu ndi maso, ndipo amayamba patapita tsiku kapena masiku awiri, munthu atabwerera kale kumene akugona, moti ambiri amanamizira nyama imene anaotcha dzulo. Kwa ana aang'ono, okalamba, ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chofooka, omwe m'chigawo chino ndi ambiri, kutsegula m'mimba komweko kukhoza kuwagoneka m'chipatala.

Nkhani za m'manyuzipepala zinkalira kwambiri m'malo mwa mahotela, ndipo n'zoona kuti anataya alendo. Koma munthu wa galimoto yake ndi ndalama zake akamva kuti Durban yaipa amangokhotera ku Ballito kapena kukwera ndege kupita ku Cape Town, ndipo ngakhale atabwera, hotela yake ili ndi dziwe losambiramo. Amene alibe kolowera ndi mabanja a ku Umlazi, KwaMashu ndi Inanda amene amadzaza ma minibasi pa 16 Disembala, pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale, atanyamula mapoto a chakudya, chifukwa gombe ndi limodzi mwa malo ochepa osangalalira amene salipiritsa pakhomo. Tisaiwale kuti mpaka chakumapeto kwa 1989 magombe abwino a mumzinda uno anali a azungu okha mwalamulo, ndipo alipo agogo ambiri amene amakumbukira zikwangwani zowaletsa kuponda mchengawo. Kwa iwo, kupeza chikwangwani china choletsa pamalo omwewo, ngakhale chifukwa chake n'chosiyana kotheratu, kumapweteka mwa njira imene mlendo sangaimve. Palinso ife obwera, Amalawi amene timayala mabedi m'nyumba zogona alendo, kusamalira maluwa, kulondera magalimoto ndi kugulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu wa pagombe. Alendo akachepa, woyamba kuuzidwa kuti abwere masiku atatu okha pa sabata ndi munthu wa ganyu, ndipo ndalama imene imachepa ndi ija imayenera kukafika ku Mangochi kapena ku Mzimba kukagula feteleza mwezi womwewo wa Disembala.

Gulu lina limene sililowa m'mawerengero a alendo ndi la anthu obwera mbandakucha. Aliyense amene anayendapo pagombe la Durban dzuwa lisanatuluke anawaona, atavala mikanjo yoyera, yobiriwira kapena yabuluu, akubatizana m'mafunde ndi kupemphera, ndipo pochoka amadzaza zigubu ndi madzi a m'nyanja kuti akawaze kunyumba, akasambe, ena akamwe pofuna kutsuka m'mimba. Pa ola limenelo opulumutsa anthu amakhala asanafike, ndipo palibe woti awabweze. Iwowa amamiza mutu wonse, ndipo ena amamwa dala madzi amene wosambira wamba amayesetsa kuwalavula. Sindinamvepo chenjezo la pagombe lolembedwa moganizira anthu amenewa.

Madzulo a tsiku lija, titakhala pakhonde, ndinayesa kuwafotokozera amalume zonsezi, ndipo ndiyenera kuvomera kuti ndinalankhula ngati munthu amene kwawo kulibe vuto lotere. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa modekha kuti, "Nanga padooko pathu paja, amene amayeza ndani?" Ndinakhala chete. Nyanja ya Malawi ndi yokongola kuposa gombe lililonse limene ndaliona kuno, ndipo alendo amachoka kutali kudzasambira ku Senga Bay, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, komabe tonse amene tinakulira m'mphepete mwake timadziwa likodzo, ndipo ambiri tinakodzapo magazi tili ana n'kumaona ngati ndi chizindikiro cha kukula. Likodzo limayenda kuchokera mumkodzo wa munthu kupita mu nkhono za m'madzi n'kubwereranso kwa munthu kudzera pakhungu, ndipo ofufuza amene anagwira ntchito ku Chembe anapeza kuti kuchepa kwa nsomba zodya nkhono, chifukwa cha kuwedza mopitirira muyeso, kunathandiza kuti nkhonozo zichuluke. Chaka chomwecho cha 2022, mu Malichi, kunabuka kolera amene anayambira ku Machinga, nafalikira m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, ndipo pomafika chaka chotsatira anali atapha anthu oposa 1,700. M'misasa ya asodzi, mmene anthu mazanamazana amakhala nyengo ya usipa pamchenga wovuta kukumbapo chimbudzi, madzi omwewo ndiwo osamba, ochapira, otsukira nsomba ndi akumwa. Mu 2024 nyanja itakwera kwambiri n'kulowa m'malo ogona alendo a ku Mangochi, aliyense ankakamba za zipinda zomira, koma ine ndinkaganiza za maenje a zimbudzi za malo amenewo, amene nawonso anamira.

Funso la amalume linasintha mmene ndimaonera chikwangwani chija. Chinandikhumudwitsa m'mawa umenewo, chifukwa ndinali nditalonjeza ana, koma chinali umboni wakuti pali munthu amene anatunga madzi, wina anawayeza, wina anawerenga nambala, ndipo wina analimba mtima kutseka gombe pakati pa nyengo ya tchuthi pamene amalonda onse ankafuna litsegulidwe. Phokoso lonse la ku Durban, kukangana kwa ma labotale, milandu ya kukhoti ndi mitu ya nkhani yochititsa manyazi, likutheka chifukwa nambala zilipo zoti anthu akanganirane. Ine ndinakulira pagombe limene sindinaonepo chikwangwani chotere, ndipo ndinkaganiza kuti kusowa kwake kukutanthauza kuti madzi athu ndi abwino.

Masiku ano ndikafuna kupita ndi ana kunyanja ndimayang'ana zotsatira zimene zalengezedwa, koma choyamba ndimaona tsiku limene madziwo anatungidwa, osati nambala yokha. Kukagwa mvula yamphamvu ndimadikira masiku awiri kapena atatu, kaya gombe ndi lotsegula. Sindisambira pafupi ndi mathiriro a mtsinje kapena pamene ngalande ya madzi a mvula imatulukira pamchenga, ngakhale kuti ana amakonda pomwepo chifukwa madzi ake ndi osaya ndi ofunda. Nyanja ikaoneka yofiirira chakumpoto, ndimadziwa kuti Umgeni watsika ndi katundu wake, ndipo pamenepa ndimapeza kuti maso a msodzi amene amalume anandiphunzitsa akadali ndi ntchito, kungoti amaona tsiku loipitsitsa lokha, masiku ena onse oipa amawadutsa.

Patapita masiku anayi tinapeza gombe lotsegula chakummwera kwa Golden Mile, ndipo anawo anasambira mpaka milomo kuuma ndi mchere. Amalume sanalowe m'madzi, anangopinda thalauza n'kuima pamene mafunde amathera, akudandaula kuti nyanja yopanda bwato la msodzi ndi yosungulumwitsa. Pochoka anatulutsa botolo la malita awiri m'chikwama, nalidzaza, ponena kuti azakhali anawatuma madzi a m'nyanja yamchere ndipo sangabwerere chimanjamanja. Ndinawapempha kuti madziwo asakamwe munthu, ndipo anandiyang'ana ngati ndawanyoza, n'kunena kuti iwo si mwana. Botololo linayenda masiku atatu pabasi, linadutsa zipata zonse za m'malire popanda wolifunsa, ndipo pamene ndinapita kumudzi chaka chatha ndinalipeza lili pawindo la kuchipinda chochezera, losatsegulidwa, mchenga pang'ono utadikha pansi pake.